Kachombo ka Mumlengalenga pa Tebulo Panu: Mafunso ndi Mayankho kwa Omanga a ku Chipata

Kunja kuno kuli anthu, akuluakulu a ndevu zawo, amene amatha milungu ali chiweramire pa tebulo kulumikiza tizidutswa ta pulasitiki mpaka patuluke kachombo konga ka m'mafilimu a Star Wars kapena Star Trek. Wachinyamata wa kuno akaziona pa YouTube kapena pa TikTok, mafunso ake sasiyana ndi a mnzake: zimagulidwa kuti, zimamatidwa ndi chiyani, nanga penti yake ndi iti. Mayankho awa alembedwera munthu amene sitolo yake yapafupi ndi ya hadiweya ku Down Shops kapena msika wa Kapata.

Kodi chimene amachitcha model kit n'chiyani?

Ndi bokosi la tizidutswa ta pulasitiki timene mukatilumikiza timapanga chifaniziro chaching'ono cha ndege, sitima, kasinja wankhondo kapena chombo cha mumlengalenga. Tizidutswato timabwera tili togwirana pa mafelemu, kalikonse ndi nambala yake, pamodzi ndi pepala la zithunzi losonyeza kuti aka kalowa apa, ako kalowa apo. Mumakhalanso kapepala ka zizindikiro zimene mumaviika m'madzi kwa kanthawi n'kuzitsetseretsera pa chombocho. Guluu ndi penti kawirikawiri mulibe, ndipo wogula koyamba amadzazindikira zimenezi bokosi atalitsegula kale. Malondawa si a dzulo. Kampani ya ku Britain ya Airfix inatulutsa kit yake yoyamba mu 1949, kathirakitala ka Ferguson, kholo la ma Massey Ferguson amene tikuwaona m'minda lero, ndipo ndege ya Spitfire inatsatira mu 1953. Star Trek itayamba kuonetsedwa pa TV ku America mu 1966, kampani ya AMT sinachedwe kugulitsa kachombo ka USS Enterprise. Masiku ano mayina omveka ndi Airfix, Revell, Tamiya ndi Bandai. Tizombo ta Star Wars ta Bandai, kampani ya ku Japan, timabwera ndi mitundu kale ndipo timangolowetsana popanda guluu, choncho ndi poyambira pabwino.

Si zoseweretsa za ana izi?

Mwana akatenga kachombo kotere n'kumathamanga nako pabwalo, sikafika madzulo. N'kosalimba, sikauluka, ndipo ntchito yake ndi kukhala pa shelefu anthu n'kumakaona. Amene akufunira mwana choseweretsa, galimoto ya waya ndi yabwino kwambiri kuposa bokosi lililonse la ku Japan. Ntchito yomanga imafuna lezala lakuthwa, guluu wa fungo loipa ndi mtima wodikira. Chifaniziro cha Enterprise chimene ankajambulira filimu ija, chotalika mamita oposa atatu, chakhala m'manja mwa nyumba yosungiramo zakale ya National Air and Space Museum ku Washington kuyambira 1974, nyumba yomwenso imasunga chombo chenicheni chimene Neil Armstrong ndi anzake anabwerera nacho kuchokera kumwezi. Mwana wa zaka khumi akhoza kumanga mtundu wosafuna guluu uja, bola wamkulu akhale pambali kumudulira.

Nanga manambala amalembedwa pa bokosi aja, 1/72 kapena 1/144, amatanthauzanji?

Ndi muyeso. Pa 1/72, sentimita imodzi pa kachombo kanu ikuimira masentimita 72 pa chombo chenicheni. Munthu wamtali mamita 1.7 amakhala masentimita 2.4, ndipo basi ya ku Lusaka ya mamita 12 imakhala pafupifupi masentimita 17. Ambiri amaganiza kuti nambala ikakula ndiye kuti chifanizironso n'chachikulu, pamene zimayenda chambuyo: cha 1/144 ndi theka la cha 1/72. Roketi ya Saturn V, imene inanyamula anthu opita kumwezi mu 1969, inali yotalika mamita oposa 110, choncho pa 1/144 imatuluka masentimita 77. Millennium Falcon ya mu Star Wars, imene eni filimu amati ndi ya mamita pafupifupi 35, imatuluka masentimita 24. Wina anganene kuti chombo chongopeka sichifuna muyeso, koma diso limayeza lokha. Chitseko chikakhala chachikulu kuposa injini, woona amadziwa kuti pali cholakwika ngakhale sangathe kuchitchula. Dulani kamunthu ka pepala ka muyeso umene mwasankha, muzikaimika pambali pa chitseko, windo ndi makwerero alionse amene mukupanga.

Ndingaipeze kuti kit imeneyi kuno ku Chipata?

Musayembekeze kuipeza pa shelefu mukamagula sopo ndi shuga. Malondawa ndi a mizinda ikuluikulu, ndipo kuno kumwera kwa Africa masitolo ake enieni ali ku South Africa. Njira yosavuta ndi kutuma mbale amene akuchokera ku Johannesburg, mutamutumizira chithunzi cha bokosi ndi muyeso wake pa WhatsApp. Ina ndi kuitanitsa pa intaneti, koma muwerengeretu ndalama yotumizira ndi msonkho wa bungwe la misonkho la ZRA, chifukwa ziwirizi zikhoza kuposa mtengo wa chinthucho. Bokosilo ndi lopepuka koma lalikulu, ndipo likaikidwa pansi pa matumba a katundu m'basi ya pa Great East Road lifika litaphwanyika. Ngati mukugula yakale kwa munthu, akutumizireni chithunzi cha mafelemu ali m'mapepala awo osatsegula, chifukwa kachidutswa kamodzi kakasowa simukakapeza kwina. Penti yopopera ndi guluu musavutike kuitanitsa. Zimayaka moto ndipo a ndege amazikana, pamene zolowa m'malo mwake zilipo m'mahadiweya a kuno.

Palinso zombo za pepala. Bungwe la NASA limaika pa intaneti mapulani aulere a zombo zake zenizeni, oti munthu asindikize, adule, apinde n'kumata. Mukasindikiza pa pepala lolimba m'tauni, mtengo wake ndi wa kusindikiza kokhako. Ndipo amene amayenda pa salaula aziyang'ana mulu wa zidole zothyoka, pazifukwa zimene zikubwerazi.

Bokosi likapanda kupezeka ndiye kuti ndagwa nayo?

Ayi, ndipo apa m'pamene munthu wa kuno ali ndi mwayi umene sauona. Zombo za mu Star Wars yoyamba, ya 1977, sizinachokere m'bokosi, komanso sizinapangidwe pa kompyuta monga ambiri amaganizira. Mu 1975 George Lucas, wopanga filimuyo, anakhazikitsa gulu la amisiri m'nyumba yosungiramo katundu ku Van Nuys, California, n'kulitcha Industrial Light & Magic. Amisiriwa ankayamba apanga thupi la chombo ndi manja, kenako n'kugula mabokosi ambirimbiri a tiakasinja, tisitima tankhondo ndi timagalimoto ta mpikisano. Sankamanga zimenezo ayi. Ankathyola tizidutswa take n'kumatimata pa chombo chija, kachidutswa ka injini ya galimoto apa, ka kasinja apo. Akapaka penti imodzi yotuwa pa zonsezo, diso linkaleka kuona galimoto ndi kasinja n'kuyamba kuona mapaipi ndi makina a chombo chachikulu. Chimphona chija chimene chimadzaza sikirini kumayambiriro kwa filimuyo chinali chosakwana mita imodzi, ndipo Millennium Falcon inali ya mita ndi theka.

Mnyamata wa ku Mchini kapena ku Magazine amene amapinda waya kupanga galimoto, matayala a zitini za polishi, zomangira za chubu chakutha, chiwongolero chofika m'chiuno, ali kale ndi luso lalikulu pa ntchitoyi, lotha kuona tayala m'chinthu chimene wina akuona chinyalala. Luso limeneli linadziwika mpaka kunja kudzera m'buku la ana la Karen Lynn Williams lotchedwa Galimoto, la 1990, lonena za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna mawaya. Kusiyana kwake n'kwakuti galimoto ya waya imaonetsa mafupa okha, pamene chombo chimafuna khungu ndi penti.

Thupi la chombo lingachokere ku botolo la shampu, paipi ya PVC yotsala pomanga nyumba, tochi yakufa kapena makatoni omatikiza. Tokongoletsa pamwamba ndito tofunika kutolera kwa nthawi: zitsekerero, mapeni otha inki, zogwirira za malezala, mabatani a kiyibodi, zamkati mwa wailesi. Okonza mafoni ndi mawailesi amataya zinthu zotere tsiku lililonse. Masipoko a njinga, amene m'tauni ya njinga ngati ino sasowa, amapanga milongoti ndi choimikira chombo. Pomata musamwaze tinthuti paliponse. Tiunjikeni kumbuyo kumene kuli injini ndi m'mipata ya m'mbali, kwina mukusiya see, ndipo chimene mwaika kumanja chikhalenso kumanzere. Zitsekerero zinayi zofanana zoikidwa pamzere zimaoneka ngati ntchito ya fakitale, pamene zinayi zosiyana zimangooneka zitsekerero.

Kodi chombo chiyenera kukhala ndi mapiko ndi mphuno yosongoka?

Pokhapokha ngati chimalowa mumpweya wa dziko. Mapiko amagwira ntchito pamene pali mpweya, ndipo kumwamba kwenikweni kulibe. Kachombo kamene kanatera pamwezi mu July 1969 kanali ka makonamakona, miyendo inayi yoonda, kopanda phiko ngakhale limodzi, ndipo International Space Station ndi mapaipi akuluakulu olumikizana okhala ndi masola m'mbali. Opanga mafilimu amaika mapiko kuti oonera akumbukire ndege zankhondo. Choncho botolo lanu lisakuchititseni manyazi. Chofunika n'chakuti woona adziwe kumene kuli kutsogolo, kumene kuli injini ndi kumene kumakhala anthu.

Ndimate ndi guluu uti? Super glue sangakwanire zonse?

Guluu weniweni wa ma kit, wolembedwa plastic cement, amasungunula pang'ono mbali ziwiri za pulasitiki kuti zilowane, monga amachitira wowotcherera mageti pamsika ndi zitsulo ziwiri. Kadontho kamodzi n'kokwanira. Mukathira wambiri khoma la chombo limafewa n'kupindika, ndipo chala chikakhudzapo chidindo chake chimatsalira pomwepo. Guluu ameneyu amagwira pulasitiki wa mtundu wa polystyrene, amene ma kit ambiri amapangidwa naye. Super glue, amene amapezeka m'kagolosale kalikonse, amalumikiza zinthu zosiyana monga waya ndi pulasitiki, koma chombo chikagwa amathetheka, ndipo nthunzi yake imasiya mawindo oonekera ali mbuu. Pa mawindo ndi pa makatoni gwiritsani ntchito guluu woyera wa akalipentala, amene akauma saoneka. Pakatsala mpata, thiranipo soda wophikira pang'ono, mudonthezepo super glue. Zimauma nthawi yomweyo n'kukhala gwa moti mutha kupala ndi sandipepa, koma zimatentha, ndiye chala chikhale kutali. Mpata waukulu umafuna Pratley Putty wa m'hadiweya, yemwe uja eni ake ku South Africa amanyadira kuti anafika kumwezi pa zombo za NASA m'ma 1960.

Amene akumanga ndi zotola aziyang'ana kanambala kali m'kati mwa mivi itatu pansi pa chinthucho. Nambala 6 ndi polystyrene, monga mabokosi a ma CD ndi makapu ena a yogati, ndipo amamatika bwino. Nambala 2 ndi 5, kumene kuli zitsekerero ndi mabotolo ambiri a mafuta odzola, amakana guluu ndi penti yomwe. Amenewa akwecheni ndi sandipepa, muboole, mulowetse kawaya kuti kagwire mbali zonse ziwiri, guluu angothandizira. Petulo, thinner, guluu wa nsapato ndi mankhwala ochotsera Cutex zimadya polystyrene. Zisayandikire.

Ndi zida zanji zimene ndiyenera kugula?

Zochepa kuposa zimene mumaona m'mavidiyo. Kampeni ka lezala, chowengera zikhadabo chodulira tizidutswa pa felemu, sandipepa wosalala wa opopera magalimoto, kopanira kotolera tinthu ting'onoting'ono, mapegi oyanikira zovala ogwirira zimene mwamata, tepi ya pepala ndi timabulashi tiwiri, kena kosongoka kena kaphanthiphanthi. Kachidutswa musakathyole pa felemu pokapotokola ndi zala, kamang'ambika. Dulani patali pang'ono, kenako muchotse chotsalacho ndi lezala, mpeni ukuloza kutali ndi thupi lanu. Musanathire guluu, yambani mwalowetsa ziwirizo zouma kuti muone ngati zikukumana. Felemu yotsala musataye: mukaitenthetsa pamwamba pa kandulo mpaka ifewe n'kuikoka, imatuluka ulusi wa pulasitiki wopangira timilongoti. Pa zonsezi palibe chofuna magetsi, zimene aliyense amene anakhala mumdima mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, angayamikire.

Penti yake ndi iti? Ya nyumba kapena ya ana asukulu singachite?

Ya khoma ndi yokhuthala ndipo imakwirira timizere tonse timene timakometsa chombo. Ya madzi ya ana asukulu sigwira pa pulasitiki. Zimene zimagwira ndi acrylic, yosungunulidwa ndi madzi, imene imauma msanga ndipo fungo lake n'lochepa, ndi enamel, yamafuta, imene imalimba bwino koma imafuna tsiku lathunthu kapena kuposa kuti iume. Musanapake chilichonse tsukani chombo ndi sopo wotsukira mbale kuti mafuta a m'manja achoke, chiume, kenako mupopere primer yotuwa ya m'chitini. Gawo limeneli ndi limene ambiri amalidumpha, n'kumadabwa penti ikusupuka ndi chikhadabo. Primer ndi imene imagwirizanitsa pulasitiki ndi penti, ndipo kwa womanga ndi zotola ndi imenenso imasandutsa zitsekerero zofiira ndi mapeni abuluu kukhala chinthu chimodzi. Khutchumulani chitini mokwanira, muchigwire masentimita 25 mpaka 30 kuchokera pa chombo, dzanja lizingodutsa osaima. Ulendo woyamba ikhale yochepa kwambiri, chifukwa penti ya galimoto ikachuluka pamalo amodzi imadya pulasitiki. Yesani kaye pa felemu yotsala.

Popaka ndi bulashi, cholakwa cha aliyense woyamba ndi kufuna kumaliza ulendo umodzi. Sungunulani penti, mupake mopyapyala ngakhale zapansi zikuonekerabe, mudikire iume, mupakenso kawiri kapena katatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofuna mzere wowongoka matani tepi, muitsindike m'mphepete ndi chikhadabo, ndipo muichotse penti isanaumitsitse. Zizindikiro zoviika m'madzi zija zimakhala bwino pamalo onyezimira, choncho poperani vanishi yowala musanaziike, yosawala pomaliza penipeni. Makina opopera a airbrush ndi abwino, koma musagule musanamalize tizombo tingapo ndi manja.

Nyengo ya kuno imakhudza bwanji penti?

Kwambiri. M'dzinja, kuyambira November mpaka cha mu April, chinyezi chimachititsa penti yopopera kuuma ili mbuu ndipo enamel imakhala yomata kwa masiku. Kuyambira August mphepo imanyamula fumbi ndi phulusa la lupsa, zonsezo n'kudzatera pa penti yaiwisi. Dzuwa la October limaumitsa penti isanafike pa chombo, ndiye pamwamba pamatuluka pokhakhala. Miyezi yabwino ndi May mpaka July, m'mawa mame atauma. Mukangomaliza kupopera vindikirani ndi chikatoni choyera. Musayanike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula pofuna kufulumizitsa, chifukwa pulasitiki wopyapyala amapindika ndipo sabwereranso. Kupopera kuzichitikira panja, kutali ndi moto ndi ana, osati m'chipinda chogona.

N'chifukwa chiyani ena akamaliza kupenta bwinobwino amachidetsanso dala?

Chifukwa chinthu chaching'ono chopakidwa mtundu umodzi wonyezimira chimaoneka kuti n'chaching'ono. Dothi, mikwingwirima ndi mwaye ndi zimene zimauza diso kuti ichi n'chachikulu ndipo chayenda. George Lucas ankafuna kuti zombo zake zioneke zogwiritsidwa ntchito, zokonzedwakonzedwa, mosiyana ndi zombo zoyera mbee za m'mafilimu akale. Njira zake n'zotchipa. Sungunulani penti yakuda kapena yakhofi mpaka ikhale ngati madzi akuda, muilole iyende m'timizere ndi m'makona, yotsala mupukute ndi kansalu. Kenako viikani bulashi mu penti yowala pang'ono kuposa ya thupi, muipukute pa pepala mpaka ikhale ngati mulibe kanthu, muzisesa nayo m'mphepete kuti m'mbali motuluka muwale. Pensulo wamba ikadutsa pa kona imasiya kuwala kwa chitsulo chopalika. Ufa wa makala, wopaka ndi chala kapena thonje, ndi mwaye wabwino kumbuyo kwa injini. Dziwani polekezera. Wophunzira zimenezi kumene amadetsa chombo chonse mofanana mpaka chimaoneka chotoledwa kudzala, pamene dothi lenileni limakhala ndi chifukwa: pamene pamatentha, pamene anthu amaponda, pamene mafuta amadontha.

Dzimbiri lofiira ngati la malata silichitika kumene kulibe mpweya ndi madzi, choncho liikeni pa chombo chimene mukuti chimatera pa dziko la mvula. Mitundu ya zombo zenizeni ili ndi zifukwa zake. Zoyera zimabweza kutentha kwa dzuwa. Mabala akuda ndi oyera a pa Saturn V ankathandiza makamera a pansi kuona mmene roketi ikuzungulirira. Thanki yaikulu ya Space Shuttle inapakidwa yoyera pa maulendo awiri oyamba okha mu 1981, kenako anasiya kuipenta n'kupepukidwa makilogalamu pafupifupi 270. Zagolide zimakuta masetilaiti zija kawirikawiri si golide, ndi pulasitiki wachikasu wopyapyala wokutidwa ndi aluminiyamu, woteteza ku kutentha ndi kuzizira. Kapepala konyezimira ka chokoleti, kofinyidwa n'kutambasulidwa, kamafanana nazo bwino.

Kodi Zambia ili ndi chombo chakechake choti munthu n'kuchipangira chifaniziro?

Ili nacho, ngakhale sichinanyamukepo pansi. Edward Mukuka Nkoloso, amene anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mphunzitsi wa sayansi komanso womenyera ufulu m'chipani cha UNIP, anayambitsa bungwe limene analitcha Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Mu 1964, ufulu utayandikira, analengeza kuti Zambia ipitirira America ndi Soviet Union pa mpikisano wa kumwezi, kenako ipita ku Mars. Ophunzira ake ankawaphunzitsira pa famu ina kunja kwa Lusaka, kuwalowetsa mu mgolo wa mafuta n'kuugubuduza pa chitunda, ndi kuwakweza pa katungwe kuti alawe kupepuka kwa kumwamba. Woyenera kupita anali mtsikana Matha Mwamba, pamodzi ndi amphaka awiri ndi mmishonale. Anapempha mapaundi 7 miliyoni ku UNESCO, osapatsidwa. Chombo chake anachitcha D-Kalu 1 polemekeza Kenneth Kaunda, ndipo malipoti amati chinali chonga mgolo, cha aluminiyamu ndi kopa, pafupifupi mamita atatu m'litali ndi awiri m'mimba mwake. Ankafuna kuchiulutsa pa 24 October 1964, tsiku la ufulu, koma sizinachitike.

Atolankhani akunja anamuseka. Namwali Serpell, wolemba wa ku Zambia, anafunsa m'nkhani yake ya 2017 m'magazini ya The New Yorker ngati Nkoloso sankaseka yekha atsamunda. Ine ndimapendekera komweko. Munthu amene analemba kuti wachenjeza mmishonale wake kuti asakakakamize anthu a ku Mars chipembedzo ngati sakuchifuna ankadziwa bwino mbiri ya dziko lake. Anamwalira mu 1989, koma nkhani yake yabwereranso m'buku la zithunzi la Cristina de Middel la 2012 lotchedwa The Afronauts, m'filimu yaifupi ya Nuotama Bodomo ya 2014, ndi m'buku la Serpell la The Old Drift la 2019, limene linapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020.

Kwa womanga, D-Kalu 1 ndi yosavuta kuposa chombo chilichonse cha Hollywood. Pa muyeso wa 1/20 imatuluka masentimita 15 m'litali ndi 10 m'mimba, kukula kwa chitini chapakatikati. Kachitini ka tomato kangakhale mgolo wogubuduza uja, amphaka n'kuumbidwa ndi dongo, pansi pake dothi la katondo losefa lomatidwa ndi guluu woyera. Kopa muchotse mu waya wa chipangizo chakufa cha panyumba panu, osati wogula kwa anyamata amene simukudziwa kumene anaudula.

Kodi muli ndalama mu ntchito imeneyi?

Ngati cholinga ndi kugula kit kunja, kumanga n'kugulitsa kuno, mulowa m'ngongole. Ogula ndi ochepa, ndipo maola amene mwathera palibe angawalipire. Kupanga zombo za Star Wars zambiri n'kumagulitsa kuli ndi vuto lina, chifukwa zili ndi mwini wake, kampani ya Disney, imene inagula kampani ya George Lucas, Lucasfilm, mu 2012. Chombo chimene mwalingalira nokha n'chanu. Phindu lenileni lili mu luso limene limatsalira m'manja: kuwerenga pulani, kuyeza, kudziwa pulasitiki ndi guluu, kupopera penti osayenderera. Olemba mapulani a nyumba amafuna tizifaniziro ta nyumba zawo, aphunzitsi amafuna zophunzitsira, ndipo ojambula mavidiyo a nyimbo ndi masewero amafuna zinthu zoika kutsogolo kwa kamera. Wophunzira amene akukonzekera mpikisano wa sayansi wa JETS ndingamulangize kusankha roketi kapena setilaiti yeniyeni, chifukwa kumeneko afunsidwa mmene chinthu chimagwirira ntchito, ndipo za injini ya Millennium Falcon palibe yankho la sayansi.

Ndikamaliza ndichisunge bwanji?

Adani ake ndi dzuwa, fumbi ndi manja a alendo. Pawindo penti imasuluka ndipo zoyera zimasanduka zachikasu, pamwamba pa TV kapena pafupi ndi denga la malata pamatentha. Kabati ya magalasi imene mumasungamo mbale za alendo ndi malo abwino, kapena chikontena choonekera chovindikiridwa chafufumimba. Cha pepala ndi makatoni chimakoka mphemvu ndi chiswe, ndipo m'dzinja chimafewa, choncho chipopereni vanishi mbali zonse, pansi pomwe. Mukafuna kuchipachika ku denga, ulusi wa mbedza ndi wolimba ndipo suoneka, koma bowo lake boolani musanapente, pamalo pamene chombo chimakhazikika mukachiika pa chala. Fumbi likatera chotsani ndi bulashi youma yofewa. Nsalu yonyowa imakolana ndi timilongoti, ndipo imachotsa makala ndi pensulo zimene munapaka ngati simunazikute ndi vanishi.